Wonyamula mfuti ya boma aziyesedwa chaka ndi chaka

Munthu woyenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima, kudutsa pa Benga, pa Chia, pa boma la Nkhotakota mpaka kukafika ku Dwangwa, amakumana ndi mfuti kangapo ngakhale asakuzifuna. Pa rodibuloko pamakhala wapolisi atakoleka yake paphewa. Galimoto yonyamula ndalama za banki ikaima, pambali pake pamaima wina ali tcheru, mfuti ili pachifuwa. Pa msewu wa ku Kasungu, uja umadutsa m'kati mwa nkhalango, mumakumana ndi asilikali a gemu akuchokera kolondera. Apa ndi apo mumaonanso mfuti yaing'ono, pisito, ili m'chiuno mwa bwana wa polisi kapena wofufuza milandu. Tinazizolowera mfutizi, ndipo tikamazikambirana timafunsa ngati zilipo zokwanira, ngati ndi zamakono, ngati zingalimbane ndi za mbava. Funso limene silimveka n'lakuti munthu waigwirayo anayesedwa liti komaliza, anamuyesa ndani, ndipo akanalephera chikanachitika n'chiyani. Ine ndikuti funso limenelo ndiye lalikulu, ndipo yankho lake liyenera kukhala lamulo losapita m'mbali: mfuti ya boma izikhala m'manja mwa yekhayo amene wayesedwa n'kupambana m'miyezi 12 yapitayo. Ndalama zikachepa, chimene chiyenera kuchepetsedwa ndi chiwerengero cha mfuti zotuluka mosungira zida, maphunziro asakhudzidwe. Alipo anthu anzeru amene sangavomereze zimenezi, ndipo zifukwa zawo n'zolemera ndithu.

Tiyambe ndi kanthu kooneka kakang'ono, kagwiridwe ka pisito, chifukwa ndi pamene luso kapena ulesi wa mphunzitsi umaonekera msanga. Mwa mfuti zonse zimene boma limapereka, yaing'onoyi ndi imene imavuta kwambiri kulasa nayo. Mfuti yaitali imatsamira paphewa, tsaya limaigunda, manja awiri amaigwira motalikirana, choncho thupi lonse limathandiza kuikhazika. Pisito ilibe potsamira, imangodalira zikhato ndi mikono. Mpope wake ndi waufupi, ndiye kugwedera pang'ono kumabala kuphonya kwakukulu. Mpope ukapatuka ndi digiri imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 25 chipolopolo chimakagwa masentimita oposa 40 kutali ndi pomwe chimalinga, ndipo masentimita 40 amenewo ndi okwanira kuti chisiye mbava chikalase mayi amene waima pambali pake. Woigwira mofooka imamudumphira m'mwamba ikalira, ndipo pa mapisito odzilonga okha chipolopolo chotsatira chimatha kukakamira. Wofinya dzanja lonse pa nthawi yokhethemula amakokera mpope pansi ndi kumbali. Amene anakulira m'nyumba zoonetsera mavidiyo amabwera ndi kagwiridwe kake kopendeketsa, ka dzanja limodzi, kamene kamagwira ntchito m'filimu mokha. Zolakwika zonsezi wophunzira sadziona yekha. Pamafunika munthu woima pambali pake, maso ali pa dzanja, woti aone chala chikugwedeza mpope mfuti isanalire. Mphunzitsi amene wapatsidwa chikhamu cha ophunzira ndi zipolopolo zowerengeka alibe nthawi imeneyo. Amangowerenga mabowo pa chandamale, n'kulemba kuti uyu wakhoza, uyu abwereze, osadziwa chimene chinalakwika.

Choposa zonse ndi pamene chala cholozera chimakhala. Masukulu onse odalirika a mfuti, kaya ndi a polisi, a asilikali kapena a masewera, amagwirizana pa malamulo ochepa: mfuti iliyonse uziyese yodzaza, usailozetse pa chinthu chimene sukufuna kuwononga, udziwe chimene ukulinga ndi chimene chili kuseri kwake, ndipo chala chisalowe pa chokhethemulira usanatsimikize kuti ukuwombera. Lamulo lomalizali lili ndi chifukwa chake m'thupi la munthu. Munthu akadzidzimuka, akapunthwa, kapena akagwira chinthu mwamphamvu ndi dzanja lina, zala za dzanja linalo zimafumbata zokha iye asanaganize. Wapolisi amene akukoka kolala ya munthu ndi dzanja lamanzere, lamanja lili ndi pisito chala chili m'kati, akhoza kuwombera osadziwa n'komwe, ndipo akadzanena kukhoti kuti sanafune adzakhala akunena zoona. Zikatero timamva kuti mfuti yangolira yokha, akuluakulu pamaliro n'kutonthoza anamfedwa kuti tsoka silinunkha. Koma tsoka ili limanunkha, ndipo limayamba kununkha kusukulu, tsiku limene mphunzitsi anaona chala chili posayenera iye n'kungokhala chete. Mfuti yosamalidwa bwino silira popanda woikhethemula.

Nkhani ya mphunzitsi imakula tikaona kuti kaphunzitsidwe ka pisito kakhala kakusintha. Kwa zaka zambiri apolisi a maiko ambiri ankaphunzitsidwa kuima chammbali, dzanja limodzi litatambasuka, lina lili m'chiuno kapena m'thumba, akulinga modekha pa chandamale chozungulira. William Fairbairn ndi Eric Sykes, amene ankagwira ntchito ndi polisi ya mumzinda wa Shanghai nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, anaona kuti zimenezo sizifanana ndi zomwe zimachitika m'tinjira ta mumzinda usiku, ndipo mu 1942 anatulutsa buku lophunzitsa kuwombera mwachangu pafupi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, wapolisi wina wa ku California, Jack Weaver, anayamba kupambana mipikisano pogwira pisito ndi manja awiri n'kuikweza kufika pa maso. Jeff Cooper anafalitsa njira imeneyi kudzera m'sukulu yomwe anatsegula ku Arizona mu 1976. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a mipikisano anasinthanso kaimidwe ndi kaikidwe ka zala zazikulu, ndipo apolisi ambiri anatsatira. Mpaka lero aphunzitsi amatsutsana kuti njira yabwino ndi iti, ndipo si ntchito ya nkhani ino kuweruza mlandu umenewo. Chofunika kwa ife n'chakuti mphunzitsi amene anaphunzira kamodzi, zaka makumi awiri zapitazo, ndipo palibe anamuonanso akuphunzitsa, amapereka kwa ana a eni zomwe iye anapatsidwa, zabwino ndi zolakwika zomwe, ndi mtima wonse komanso ndi mawu okweza. Nyota za paphewa sizitsimikizira kuti munthu amatha kuphunzitsa. Ngakhale katswiri wolasa akhoza kulephera kufotokoza chimene dzanja lake limachita.

Ndipo luso limeneli limafwifwa likakhala. Msodzi amene wakhala zaka zisanu ku Joni akabwerera ku gombe la kwawo amakumbukira kuti nkhafi imagwiridwa chonchi, koma mwera ukamupeza pakati pa nyanja ndi pamene amazindikira kuti mikono inaiwala zomwe mutu ukukumbukira. Umboni wochokera kwa anzathu olemera ndi wodetsa nkhawa. Bungwe la RAND litaunika apolisi a mumzinda wa New York, amene amapita kokayesedwa kawiri pa chaka, lipoti lake la mu 2008 linapeza kuti pakati pa 1998 ndi 2006, pa nthawi yowomberana ndi achifwamba, zipolopolo 18 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkalasa. Pamene winayo sankabwezera, zinkalasa pafupifupi 30. Wina anganene kuti ngati ophunzitsidwa choncho akuphonya motero, ndiye kuti maphunzirowo ndi kutaya ndalama. Ine ndikuwerenga manambalawa mwanjira ina. Akuonetsa kuti kulasa pepala loima chilili masana n'kosiyana ndi kuwombera mtima ukugunda, mdima uli bii, anthu akuthamanga, ndipo n'chifukwa chake lipotilo linalimbikitsa maphunziro ofanana ndi zochitika zenizeni. Akuonetsanso chinthu chimene wonyamula mfuti aliyense ayenera kuuzidwa mosabisa, kuti akawombera, zipolopolo zake zambiri zikagwa pamene sanalinge. Munthu wodziwa zimenezi amachedwa kukhethemula. Wosadziwa, amene anawombera komaliza sabata yomaliza maphunziro ake n'kuuzidwa kuti wakhoza, amadzikhulupirira kuposa muyeso.

Tsono funso loti chipolopolo chophonya chimapita kuti lili ndi yankho lakelake m'mbali mwa nyanja. Magombe a ku Nkhotakota m'mawa amadzaza: asodzi akukocheza, amayi akupikisana mitengo ya usipa, ana ali pakati pa mathandala, a kabaza akudikira katundu. Mipanda ya nyumba zambiri ndi ya udzu kapena bango, yosatchinga kanthu. Chipolopolo cha pisito wamba chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi, cha mfuti yaitali makilomita angapo, ndipo chowombera m'mwamba pofuna kuopseza chimatsika ndithu, pa denga la wina kapena pamutu pa wina. Madzi nawo ali ndi khalidwe limene munthu wophunzira kumtunda sangalidziwe akapanda kuuzidwa: chipolopolo chikagunda pamwamba pa madzi chopendekera chimatha kunjanja n'kupitirira, osamira. Zimenezi si nkhambakamwa m'boma limene anthu amadandaula ng'ona ndi mvuu ku Chia, kumathiriro a Bua ndi Dwangwa, ndipo a gemu amaitanidwa kudzapha nyama yovutitsa pamalo pomwe mabwato akuyenda ndi anthu adzaza m'mphepete kudzaonerera. Onjezerani thukuta la mwezi wa Okutobala lomwe limaterereretsa chikhato, mchenga wolowa paliponse, ndi chinyezi chochititsa dzimbiri. Maphunziro oyambirira a ku Kanjedza ku Limbe kapena ku Mtakataka amapereka maziko, koma sangakonzekeretse munthu ku dera lililonse limene adzatumizidwe. Mbali imeneyo iyenera kuphunzitsidwa konkuno, mobwerezabwereza.

Chitsanzo chosonyeza zomwe maphunziro osalekeza angachite chili m'boma lomweli. Nkhalango ya Nkhotakota, yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, inali ndi njovu zoposa 1,500 kale, koma pofika mu 2015, pamene bungwe la African Parks linagwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo kuti liziyendetsa malowa, zinali zitatsala zosakwana 100. Mu 2016 ndi 2017 kunabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo panafunika alonda oti azisunge. Asilikali a gemu analembedwa ena, anaphunzitsidwa, ku Liwonde kunakhazikitsidwa malo ophunzitsirako alonda, ndipo mu 2018 asilikali a dziko la Britain anabwera ku Nkhotakota ndi ku Majete kudzaphunzitsa nawo, atayamba ndi Liwonde chaka cham'mbuyo. Njovuzo zilipo ndipo zikuswana. Komabe tisafulumire kupereka ulemu wonse ku mfuti. Panamangidwa mpanda wamagetsi, panazulidwa makhwekhwe a waya miyandamiyanda, lamulo la nyama zakuthengo linakhwimitsidwa mu 2017 mpaka chilango chofika zaka 30, ndipo midzi yozungulira inayamba kuonako phindu. Ngakhale zomwe Angerezi aja ankaphunzitsa, zambiri zinali kulondola mapazi, kuyenda m'tchire mwakachetechete, kulumikizana ndi kusanthula uthenga. Apa pali phunziro limene limathandiza mbali yanga koposa kuitsutsa: mlonda wodziwa kulondola ndi kuzinga amagwira munthu wamoyo, pamene wodzidzimukitsidwa ndi amene amathamangira chokhethemulira. Chodandaulitsa n'chakuti maphunziro otere amayenda ndi ndalama za abwenzi akunja okonda njovu. Sizingakhale bwino kuti wolondera nyama aziyesedwa kawirikawiri kuposa wolondera anthu pamsika.

Chotsutsa choyamba ndi ndalama, ndipo aliyense wodziwa thumba la boma sangachipeputse. Zipolopolo zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zomwe dziko lino likusowa ngakhale zogulira mafuta, feteleza ndi mankhwala. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mkulu wa polisi amene galimoto yake ilibe mafuta oti akafikire kwa Mwansambo kapena kwa Kanyenda atamva kuti kwachitika zaupandu angaseke mutamuuza zotenga anyamata ake kukawombera mapepala. Yankho lili pawiri. Mbali yaikulu ya zomwe tafotokozazi siifuna chipolopolo ngakhale chimodzi. Kagwiridwe, malo a chala, kolozetsa mpope, kusolola ndi kubwezera m'chimake, kuchotsa zipolopolo popereka mfuti kwa mnzako, zonsezi zimaphunzitsidwa ndi mfuti yopanda kanthu kuseri kwa siteshoni, mphindi zochepa pa sabata, bola pakhale wodziwa kuyang'anira. Zipolopolo zenizeni zimafunika pa mayeso, ndipo apa ndi pamene payenera kusankhidwa. Ngati ndalama zikukwanira kuyesa anthu makumi atatu okha pa chaka m'boma lonse, ndiye kuti anthu makumi atatu omwewo ndi amene azinyamula mfuti, enawo azigwira ntchito ndi ndodo, unyolo, wailesi ndi pakamwa, monga momwe apolisi ambiri a ku Britain amachitira mpaka lero. Ena adzati kutero n'kusiya apolisi pa ngozi pamaso pa mbava za mfuti. Ngoziyo ilipo, koma mfuti m'manja mwa munthu amene sanaiwombere kwa zaka zambiri simuteteza kwenikweni, imangomupatsa chilimbikitso chabodza, ndipo ikhoza kulandidwa. Tiwerengerenso chipukutamisozi chimene boma limalipira makhoti akagamula kuti munthu anawomberedwa mosayenera, chifukwa nachonso chimachokera m'thumba lomwelo.

Chotsutsa chachiwiri n'chozama, ndipo chimachokera kwa anthu amene ndimawalemekeza, omenyera ufulu wa anthu. Iwo amati vuto la mfuti za boma m'Malawi si kuphonya ayi, koma kuwombera anthu osayenera kuwomberedwa, ndiye mukanola luso la wowombera mwangochulukitsa maliro. Mbiri ili kumbali yawo. Anthu a ku Nkhotakota amadziwa bwino zomwe mfuti m'manja mwa odziwa kuigwiritsa ntchito inachita kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika pano, mfuti ndi onga zikuchokera kugombe la nyanja ya mchere, minyanga ndi akapolo zikuwoloka nyanja kulowera ku Kilwa. Apayoniya a nthawi ya Kamuzu anali odziwa perete ndi zida, koma poti sankayankha kwa wina aliyense kupatula mwini wake, anasanduka choopsa mpaka asilikali anawalanda zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Ku Marikana, m'dziko la South Africa, pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi, ndipo ambiri mwa owomberawo anali a magulu apadera ophunzitsidwa kuposa apolisi wamba. Palibe anganene kuti ku Marikana kunasowa luso la kagwiridwe. Kunasowa nzeru za olamula, kunatumizidwa mfuti zankhondo pamalo pofunika zida zobalalitsira anthu, ndipo komiti ya Jaji Farlam inadzudzula zimenezo mu lipoti lake la mu 2015.

Ndikuvomereza kuti maphunziro ongonola kulasa, popanda china, ndi oopsa. Koma amenewo ndiwo maphunziro operewera amene ndikuwatsutsa. Mfundo za bungwe la United Nations zokhudza kugwiritsa ntchito mphamvu ndi mfuti, zomwe zinavomerezedwa ku Havana mu 1990, zimaika zinthu ziwirizi pamodzi. Zimati mfuti igwiritsidwe ntchito pokhapokha moyo wa munthu uli pa ngozi yoonekeratu ya imfa kapena kuvulala kwambiri ndipo njira zina zalephera. Zimatinso munthu aloledwe kunyamula mfuti atamaliza maphunziro apadera, kuyenera kwake kuziunikidwa nthawi ndi nthawi, ndipo aziphunzitsidwa kukambirana, kunyengerera ndi kumvetsa khalidwe la gulu la anthu. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza moyo wa munthu aliyense, wakuba nkhuku ndi wotchera khwekhwe yemwe. Choncho mayeso a chaka ndi chaka amene ndikunena sangakhale owerenga mabowo okha. Ayenera kuika munthu pa zochitika zoyerekeza: wakuba akuthawa osanyamula chida, woledzera akutukwana atanyamula chikwanje patali, gulu likugenda. Wokhethemula pamene sipanayenere alephere mayesowo, ngakhale atakhala wolasa kuposa onse. Pa 20 ndi 21 Julaye 2011 anthu 20 anafa pa zionetsero ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Karonga, ndipo komiti yofufuza, mu lipoti lomwe linatuluka mu 2012, inati apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso. M'masiku awiri amenewo munali zonse ziwiri, kulamula kolakwika ndi anthu amantha okhala ndi zipolopolo zenizeni pamaso pa chikhamu. Mantha ndi amene amakoka chala, ndipo mankhwala a mantha amenewo ndi kuzolowera chida ndi kudziwa malire ake.

Pali ena amene amati zonsezi n'kuzungulira, chofunika n'chakuti wolakwa azilangidwa basi, enawo adzatengerapo phunziro. Chilango n'chofunika, ndipo n'zochititsa manyazi kuti bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, lomwe linalembedwa m'lamulo la polisi la mu 2010, linatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe kugwira ntchito. Koma chilango chimabwera maliro atachitika kale. Komanso, popanda kaundula wa maphunziro, mlandu wonse umagwera kamnyamata kamene kanakhethemula, pamene amene anakapatsa mfuti akudziwa kuti sikanayesedwe amangosamutsidwa kupita ku boma lina. Pakakhala lamulo loti mfuti situluka mosungira zida kupita kwa munthu amene chiphaso chake chinatha, wofufuza amakhala ndi poyambira: anasaina ndani, tsiku liti, chiphasocho chinali chamoyo kapena ayi. Kaundula wotere amakweza mlandu kufika pa mpando woyenera.

Kunkhalango nkhaniyi imafika povuta kwambiri, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Akatswiri ena a zachilengedwe amadandaula kuti kuteteza nyama mu Africa kwayamba kufanana ndi nkhondo, alonda akuphunzitsidwa ndi asilikali n'kuyamba kuona mudzi woyandikana nawo ngati mdani. Dandauloli lili ndi maziko, chifukwa anthu ambiri amene mlonda amakumana nawo kuseri kwa mpanda si a minyanga okhala ndi mfuti. Ndi mayi wotola nkhuni kapena bowa, mnyamata wotcha mpasa mu Bua nthawi yoswana, bambo wootcha makala. Onsewa akuphwanya lamulo, koma palibe mwa iwo woyenera chipolopolo. Mbali inayo nayo ndi yoona. Mlonda amagona m'tchire masiku angapo, kutali ndi bwana aliyense, pakati pa njovu, njati ndi anthu ena okhala ndi gogodela kapena mfuti zankhondo zomwe zinafalikira m'chigawo chino nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Ntchitoyi imapha: mu Meyi 2019 msilikali wa ku Britain, Mathew Talbot, anaphedwa ndi njovu akulondera ku Liwonde. Kumulanda mfuti mlonda wotere n'kumupereka. Koma poti kutchireko kulibe mboni, kulibe kamera, kulibe wamkulu womuuza kuti dikira, chotchinga chokha chimene chatsala pakati pa mayi wa nkhuni uja ndi imfa ndi chizolowezi chimene chinakhomerezedwa m'dzanja la mlondayo, choti chala chimakhala kunja mpaka maso atatsimikiza. Amene akuopa kuti alonda asanduka asilikali ayenera kukhala patsogolo kufunsa zomwe zili m'maphunzirowo, ndi kupempha kuti mafumu ndi makomiti a m'midzi yozungulira nkhalango aziuzidwa poyera malamulo amene mlonda amatsata asanawombere.

Anthu wamba okhala ndi ziphaso za mfuti, eni minda ikuluikulu, amalonda, alenje, nawo nkhaniyi ikuwakhudza. Lamulo lathu la mfuti ndi la mu 1967, la nthawi imene dziko linali ndi anthu ochepa ndi mfuti zochepa. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito ya ulonda, lamulo la mu 2000 limafuna kuti munthu ayambe waphunzira pa sukulu yovomerezeka n'kulandira chikalata chosonyeza kuti amadziwa lamulo ndi kasamalidwe ka mfuti asanapemphe chiphaso. Nzeru imeneyo ndi yoyenera kutengera, maso ali otsegula, chifukwa paliponse pamene pepala lasanduka chipata pamabadwa ogulitsa mapepala. Tikudziwa zomwe anthu amanong'ona za ziphaso zoyendetsera galimoto.

N'chifukwa chake zonse zikubwerera kwa woyesayo. Mphunzitsi asamayese yekha anthu amene wawaphunzitsa, ndipo bwana wa siteshoni asamasaine ziphaso za anyamata ake, popeza iye ndi amene akufuna anthu okwanira oti awaike pa ndandanda wa ntchito. Woyesa azichokera kwina, ndipo dziko lino silikusowa kochokera: sukulu ya asilikali ya MAFCO ili ku Salima, boma loyandikana nalo, koleji ya polisi ili ku Zomba, ndipo a gemu ali ndi aphunzitsi awo amene aphunzira zambiri m'zaka zapitazi. Aphunzitsiwo nawonso aziyesedwa pa kaphunzitsidwe kawo, aziona zomwe anzawo a m'maiko ena asintha, ndipo akhale Amalawi okhazikika, kuti luso lisamakwere ndege limodzi ndi alendo ntchito yawo ikatha. Chiwerengero cha olephera chizilengezedwa, chifukwa mayeso amene aliyense amakhoza chaka chilichonse ndi mwambo chabe. Palibe chinsinsi cha chitetezo cha dziko chimene chingaululike ponena kuti mwa onyamula mfuti m'boma la Nkhotakota, akutiakuti anayesedwa chaka chino ndipo akutiakuti anabwezedwa kukaphunziranso. Aphungu a boma lino, makhansala, a T/A Malengachanzi, Mphonde, Kanyenda, Mwadzama, Mwansambo ndi Kafuzira, pamodzi ndi makomiti a chitetezo cha m'midzi, ali ndi mipando pa misonkhano imene akuluakulu a polisi ndi a gemu amakhalapo. Pa msonkhano wotsatira wa khonsolo afunse manambala amenewa, ndipo yankho lake lilembedwe m'maminitsi.